Manachesi a Mkamwini

Padangokhala, ndipo inu muli nanenu mundiyankhe ndidziwe kuti sindikulankhula ndi mitengo, Gologolo wina amene adakakwatira kumudzi kwa anyani. Musandifunse kuti zidatheka bwanji. Masiku amenewo chikondi sichinkayang'ana mchira. Mkazi wake adali Nangozo, ndipo mwa mwambo wa kumeneko mwamuna ndiye ankasamuka kukakhala kwawo kwa mkazi. Gologolo adanyamula khasu, mphasa ndi kampeni kake, n'kukakhala mkamwini.

Tsiku lomwe adafika, akuluakulu a mudziwo adamukhazika pansi.

"Mkamwini amalima chimanga, nyemba ndi maungu," adatero, "zinthu zodya chaka chomwecho. Mitengo sabzala ayi. Mtengo suusenza pamutu tsiku lochoka."

Gologolo adaomba m'manja n'kuthokoza. Koma Nangozo ankakonda manachesi ngati mwana, ndipo m'mudzi monsemo mudalibe mtengo wake ndi umodzi womwe. Mudali mandimu okhaokha omera okha kudzala. Tsono mwamuna akakonda mkazi, malangizo a akuluakulu amalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Gologolo adatola njere za mandimu omwewo n'kuzifesa. Timitengoto titanenepa ngati chala, adapita kwawo, adakadula tinthambi pa mtengo wa manachesi wa mayi ake, n'kubwera nato atakulunga m'masamba a nthochi onyowa. Kamtengo ka mandimu kalikonse adakadula, adalowetsapo kanthambi ka manachesi, n'kumanga ndi luzi mpaka ziwirizo zidagwirana. Ntchito imeneyi ndiyo amati kumezanitsa. Mizu ya mandimu ndi yolimba, imapirira chilala, pamene nthambi za manachesi ndizo zimabala zotsekemera. Choncho mtengo uliwonse m'mundamo udali ndi chipsera cham'munsi: pansi pa chipseracho mandimu, pamwamba pake manachesi. Chaka ndi chaka Gologolo ankayenda ndi kampeni kake kudula mphukira zonse zotuluka pansi pa chipsera, chifukwa zimenezo ukazisiya zimakula mwaliwiro n'kulanda chakudya cha nthambi zapamwamba.

Palibe nyani ndi mmodzi yemwe amene adaziona zimenezi. Ndani angawononge tsiku lake kuyang'ana zimene mkamwini akuchita?

Koma kudya adadya. Ha, kudya kokha ndiye adadya! Mitengo yake makumi atatu itayamba kubala, mudzi wonse unkanunkhira makoko a manachesi. Ana ankayenda ndi zibwano zomata, nkhalamba zopanda mano zidapeza choyamwa. Woposa onse pakudya adali Chiphwanya, mchimwene wake wa Nangozo, mwinimbumba wa banjalo. Iyeyu mkazi wake adachita kumutengera kwawo, kuti asakalaweko chikamwini kwa eni. Zaka makumi awiri sadatungeko ngakhale chikho chimodzi cha madzi kuthirira mtengo, koma nyengo ya manachesi ankagona chagada m'mundamo, mimba ili kumwamba. Dzina la Gologolo sankalitchula. Ankangoti "mkamwini uja," ngati akunena galu wa eni. Ndipo adali ndi khalidwe limodzi limene Gologolo adalisunga mumtima: chimene mkamwini wanena, iye ankachita chosiyana nacho. Gologolo akati mvula ikubwera, Chiphwanya ankauza mkazi wake kuti ayanike ufa.

Chaka chilichonse chisanu chikayamba, mfumu ya deralo, mayi Nungu, inkaitanitsa chikondwerero cha zipatso. Ankabwera a ku Thyolo ndi mikoko ya nthochi, a ku Mulanje ndi zinanazi, a kuchigwa cha Shire ndi masawu, a ku Balaka ndi malambe ndi bwemba, aliyense akutama za kwawo mpaka mawu kusasa. Koma dengu la manachesi a mkamwini likafika, onse ankatonthola n'kumameza malovu. Chikondwererochi chidali ndi malamulo awiri. Zipatso za chaka chatsopano palibe ankalawa, ngakhale mwini munda, mfumu isanalawe pabwalo. Ndipo chimene mfumu yaika mkamwa tsiku limenelo sinkalavula, kuopa kutemberera zokolola za dziko lonse.

Kenaka Nangozo adadwala. Adadwala zaka ziwiri zathunthu, Gologolo ali pambali pake, kumuphikira phala, kumutembenuza, kumusendera manachesi. Munda ankaufikira mwa apo ndi apo, ndipo mitengo khumi ya kumapeto sadaifike n'komwe. Mphukira zam'munsi mwake zidakula mpaka kufika m'chiuno. Chaka chachitatu Nangozo adamwalira.

Atangometa maliro, tsitsi lisanayambe n'kumera komwe, Chiphwanya adaitana Gologolo.

"Alamu, talira, tameta, zatha. Takusudzulani. Khasu lanu ndi ilo, mphasa ndi iyo. Njira ya kwanu simunaiwale."

"Zikomo, alamu. Nanga munda?"

"Munda wa yani? Mudabwera ndi nthaka m'thumba?"

"Sindikunena za ine. Ndikunena za Ndaziona. Munda wa mayi ndi wa mwana wake wamkazi. Mwambo womwe ukundichotsawo ndi umene ukutero."

Ndaziona adali mwana yekhayo wa Gologolo ndi Nangozo, mayi wa ana awiri, amene mwamuna wake adapita kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Popanda mundawo adalibe pogwira.

"Ndaziona ndi mbumba yanga," adatero Chiphwanya. "Ndimusungira ine. Iye akayambe walima kumiyala kuja."

Kusungira kwa Chiphwanya aliyense ankakudziwa. Adasungirapo mlongo wake wina mbuzi zisanu, ndipo mlongoyo adangolandira zingwe.

"Amalume," adatero Ndaziona, "amayi sanathe ndi mwezi womwe m'manda."

"Khala chete iwe. Akulu akulankhula."

Mlandu udapita kwa mfumu. Tsono mayi Nungu sadali munthu woipa, koma adali ndi matenda awiri: kukonda zotsekemera ndi kuopa phokoso. Minga zonse zija zakumsana zidali zokongoletsera chabe. Nduna yake, Khwangwala, ntchito yake idali kubwereza mokuwa mawu otsiriza a mfumu. Mfumu idayang'ana Ndaziona, idayang'ana mano a Chiphwanya, n'kutsokomola.

"Mwambo ndi mwambo. Mwinimbumba ndiye amasunga za mbumba."

"Amasunga za mbumba!" adakuwa Khwangwala.

Ndipo a m'mudzi aja, omwe aja a zibwano zomata, adangowerama n'kumatokosa pansi ndi timitengo. Palibe amene adati, "Koma abale, munthuyu watidyetsa zaka makumi awiri." Ndi mmodzi yemwe! Kwa eni kulibe mkuwe, adatero akale, ndipo sadaname. Gologolo mtima udamuwira. Adalakalaka kulumphira pamphuno ya mlamu wakeyo, koma gologolo ndi nyani mano ake si amodzi. Adameza mkwiyowo, adagwada, n'kuomba m'manja.

"Ndamva, mfumu. Ndipita. Chimene chikundimvetsa chisoni ndi alamu angawa."

"Ine?" adadabwa Chiphwanya.

"Inu amene. Chaka chamawa mudzasenza dengu kubwera nalo pabwalo lino, thukuta lili kamukamu, koma a ku Thyolo ndi a ku Mulanje adzangoti, 'Afika manachesi a mkamwini.' Chaka chinacho chimodzimodzi. Munthu wamkulu ngati inu kusanduka mtengatenga wa mkamwini mpaka imfa."

"Wati chiyani? Mtengo umabala wokha, iwe! Nthaka ndi ya makolo anga, mvula ndi ya Chauta. Iwe udachitapo chiyani, kupatula kuzungulirazungulira ndi kampeni ngati wometa anthu?"

"N'kutheka, alamu. Komatu anthu sakhulupirira asanaone. Mukadagawana mitengoyo ndi Ndaziona kwa zaka zitatu, mfumu n'kumalawa chaka chilichonse, wopambana n'kutenga munda wonse, bwenzi... Koma ayi, ndalankhula mopusa. Musavomere, alamu. Mungachite manyazi."

"Ndavomera!" adabangula Chiphwanya. "Ndipo ine ndingotenga khumi yokha. Yotsalayo atenge mwanayo, ndidzamugonjetsabe. Koma mkamwini asapondemo m'mundamo, ndipo asalankhule ndi mwana wake za mitengo."

Mfumu itamva kuti izilawa madengu awiri chaka chilichonse, sidafune n'kuganiza komwe. Idavomereza pomwepo.

M'mawa mwake mudzi wonse udapita kumunda kukaona kusankha. Gologolo adaima pamalire. Chiphwanya adadutsa mizere yonse mpaka adafika ku mitengo khumi ya kumapeto ija, ya mphukira zonenepa zobiriwira.

"Alamu, imeneyo ayi!" adakuwa Gologolo. "Imeneyo ndi yodwala m'munsi. Sankhani ina."

"Mwamumva?" adaseka Chiphwanya. "Akufuna kusungira mwana wake yonenepa. Iyi ndiyo yanga."

Gologolo adanyamula khasu ndi mphasa n'kupita kwawo. Kwawoko adapeza mayi ake adamwalira kale, pabwinja pawo akulima ana a alongo ake, amene adamulonjera ngati munthu wofunsa njira. Uku mlendo, uku mlendo. Adagona masiku awiri, n'kubwerera. Adadzamanga kachisakasa tsidya lina la msewu wodutsa m'mbali mwa munda uja, chifukwa msewu ulibe mwinimbumba.

Mvula itagwa, mphukira zidatuluka m'munsi mwa mitengo ya Ndaziona. Iye kuthirira ankadziwa, manyowa ankadziwa, kuthyola ankadziwa, koma ntchito ya mpeni idali ya bambo ake okha. Adaziona mphukirazo kukongola, adaganiza zozisiya.

Pamenepo Gologolo adakhala pachulu cha m'mbali mwa msewu ndi kalimba wake, n'kuyamba kuimba. Nyimboyo inkayamba ndi kuitana dzina la Nangozo katatu, motsitsa ngati pamaliro. Kenaka inkafulumira, n'kumafotokozera malemuyo nkhani za m'munda mwake: kuti mvula yagwa, kuti mphukira zatuluka m'munsi, ndipo kuti wokonda manachesi azidule zonse zikadali zanthete, ngakhale zikongole bwanji. Pothera pa ndime iliyonse pankabwera mawu ovomera, onena kuti pansi pa chipsera pali mtengo wina ndipo pamwamba pake pali winanso. Idali nyimbo yogwira msanga. Amayi opita kuchigayo adayamba kuvomera, ana adaitenga kukaimba posewera.

Ndaziona adamvetsera masiku awiri. Lachitatu adanola mpeni.

Chiphwanya adathamangira kwa mfumu.

"Mkamwini waswa pangano! Akulangiza mwana wake!"

"Ine, mfumu?" adatero Gologolo ataitanidwa. "Mudandiletsa kulankhula ndi Ndaziona za mitengo. Ine ndikuimbira mkazi wanga. Kodi wamasiye saimba? Ndiponso alamu ali ndi makutu aakulu kuposa a mwana wanga. Zomwe akumva iye, nawonso akuzimva. Alamu, ndikupempheni pamaso pa mfumu: kaduleni mphukira zija."

"Ndikadule zonenepazo? Kuti iwe useke? Akuti mtengo umodzi uli mitengo iwiri! Chisoni chamuzunguza mutu ameneyu. Musiyeni aimbe."

Adabwerera kumunda n'kukachita chimene sadachitepo chibadwire. Adagwira ntchito. Adakumbira mphukirazo, adazithira manyowa a mbuzi, adazithirira m'mawa ndi madzulo, zonsezo pofuna kukhaulitsa mkamwini. Mphukira zidathokoza, zidakula kupitirira mutu wake.

Chikondwerero choyamba chidafika. Manachesi a Ndaziona adali onenepa, amadzi. A Chiphwanya, ochokera ku nthambi zakale zija, adali ang'onoang'ono, ouma m'kati. Mfumu idalawa uku, idalawa uku, idabwereranso kwa Ndaziona kawiri. Chiphwanya adayasamula, mano onse poyera.

"Chaka chino n'chimodzimodzi," idatero mfumu.

"N'chimodzimodzi!" adakuwa Khwangwala.

Chaka chachiwiri mphukira za Chiphwanya zidasanduka mitengo yathunthu, ya minga ngati zisonga, ndipo nthambi zakale zidayamba kuchita chikasu. Gologolo adakhalanso pachulu paja. Adaitana Nangozo katatu, n'kumuuza kuti nthambi zakale zokhotakhota zija ndizo zili ndi kukoma, kuti wanzeru aziteteze, ndipo kuti ngakhale tsopano nthawi ikadalipo yochotsa zazitalizo. Mawu ovomera adali omwe aja, ndipo panthawiyi ngakhale odutsa ndi ngolo ankawadziwa.

"Mwamva?" adatero Chiphwanya kwa mkazi wake. "Akuti ndisunge nkhalambazi. Ndiye kuti nkhalambazi ndizo zikundibwezera m'mbuyo. Kandibwerekere nkhwangwa."

Tsiku lonse nkhwangwa idalira m'mundamo, go! go! go! Gologolo adali pachulu, kalimba ali pansi. Zidali kuyenda monga mwa nzeru zake, koma sadakondwere ayi. Nkhwangwa iliyonse ankaimva m'nthiti mwake, pakuti mitengo imeneyo adailera ndi manja ake kuyambira ili njere. Chiphwanya adadula nthambi zakale pa mitengo isanu ndi iwiri, mapewa n'kumuwawa, itatu n'kuisiyira tsiku lina.

Pa chikondwerero chachiwiri Ndaziona adafika ndi dengu lodzaza mpaka kutayika. Chiphwanya adafika ndi timanachesi tokwana m'chikhatho, tili pansi pa lichero ngati mankhwala.

"Mitengo yatsopano ikubwera," adatero mokweza, akuyang'ana mfumu m'maso. "Chaka chamawa mudzaona."

Mfumu idalawa, idakanda khosi, idasuntha pampando.

"Ife timalawa kukoma, osati kuchuluka. N'chimodzimodzi."

Alendo adang'ung'udza. Wina wa ku Mulanje adafunsa mnzake mokweza ngati kuno mfumu imalawa ndi lilime kapena ndi maso. Koma eni mudzi aja, zii, ngati sadamve.

Ndaziona adadzera pa kachisakasa ka bambo ake, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo, mfumu imeneyi ngakhale amalume atabwera ndi miyala idzati chimodzimodzi. Ndiye ndikuvutikira chiyani?"

"Za mitengo adandiletsa, mwanangu, koma za mfumu sadandiletse. Munthu wamantha amaopa chimene chamuyandikira kwambiri. Pita ukagwire ntchito yako."

Chaka chachitatu Chiphwanya adamaliza itatu yotsala ija. Mitengo yake yatsopano idachita maluwa mbee, kenaka zipatso, zikuluzikulu, za khungu la zitundatunda. Zitayamba kupsa, Gologolo adaimba kachitatu. Adaitana Nangozo, n'kumuuza mosabisa kuti m'munda mwa mchimwene wake mwabala mandimu, ndipo adachonderera kuti wina amugwire dzanja mwinimbumbayo asapite nawo pabwalo, angachititse manyazi banja. Mawu ovomera aja tsopano ankaimbidwa mpaka kumsika.

Mkazi wa Chiphwanya adayang'ana zipatsozo, n'kuyang'ananso.

"Abambo, komatu zikufanana ndi mandimu."

"Iwenso wayamba kuvina nyimbo ya mkamwini? Mbuzi idabalapo galu? Mitengo imeneyi ndadya manachesi ake zaka makumi awiri. Uwu ndi mtundu wa manyowa anga. Waona kukula kwake? Nsanje ikumupha uyo."

"Mutalawako chimodzi chokha..."

"Ndilawe mfumu isanalawe, kuti andigwire mlandu ndiluze munda? Zimenezo ndi zomwe akufuna. Bweretsa dengu."

Chikondwerero chachitatu chidadzaza kuposa zaka zonse, chifukwa mbiri idali itafika kutali. A nthochi, a zinanazi, a masawu, a malambe, onse adasiya madengu awo n'kudzaunjikana kutsogolo. Gologolo adaima kumbuyo pamodzi ndi alendo, poti ndipo padali malo ake.

"Langa liyambe," adatero Chiphwanya. "Wamkulu ndine."

Mfumu itaona kukula kwa zipatsozo, maso adawala. Idasankha chachikulu kuposa zonse, idalimbana ndi khungu lake, ndipo mwa dyera lake lija idaponya theka lonse mkamwa nthawi imodzi.

Minga zonse zakumsana zidaimirira, waa! Imodzi idabaya Khwangwala pantchafu. Diso limodzi la mfumu lidatsinzina, linalo lidatong'oka, misozi n'kumatsika. Kulavula sikadatha, pakuti lamulo lidali lake lomwe. Idatafuna, idatafuna, bwalo lonse likuyang'ana, mpaka idameza. Kenaka idalumphira dengu la Ndaziona n'kudya zipatso zitatu motsatizana, popanda woipempha.

Chiphwanya adasendera pafupi. Adayasamula pang'onopang'ono. Mfumu idaona mano aja, n'kuyamba kuchita chibwibwi.

"Eee, kunena zoona, zaka zimasiyana. Lilime nalonso limasiyana. Mwina tingoti n'chimo..."

"Zikomo, mfumu!" adafuula Gologolo kumbuyo kuja. "Chipatso chimodzi sichiweruza munda. Za Ndaziona mwadya zitatu, za alamu theka lokha. Alamu angadandaule kuti mwawakondera. Dengu lawo ndi lodzaza. Idyaninso zitatu, zifanane."

"Zoona!" adakuwa alendo. "Zitatu kwa zitatu!"

"Zitatu kwa zitatu!" adakuwa Khwangwala mwa chizolowezi, akutsimphina, n'kukankhira dengulo pamphuno pa mfumu.

Mayi Nungu adayang'ana mano a Chiphwanya, adayang'ana dengu. Mano adali mapazi atatu kuchokera pomwe adakhala, koma dengu lidali pansi pa chibwano.

"Ayi! Chotsani! Awa ndi mandimu, mandimu enieni akudzala! Munda ndi wa Ndaziona, wonse, kuyambira lero mpaka zidzukulu zake!"

"Bodza!" adabangula Chiphwanya. Adatsomphola chipatso chimodzi n'kuchiluma ndi khungu lomwe kuti anthu aone. Nkhope yake idakwinyika, mphumi idatsikira pamaso. Atapeza mpweya adaloza Gologolo.

"Ufiti! Mkamwini wandilodzera mitengo!"

Gologolo adadutsa pakati pa anthu n'kudzaima kutsogolo. Ulendo uno sadagwade, sadaombe m'manja.

"Alamu, zaka zitatu zonsezi ndidakunamizani liti? Tsiku la mlandu ndidati musavomere. Tsiku losankha ndidati imeneyo ndi yodwala m'munsi. Ndidati dulani mphukira, mudazithira manyowa. Ndidati sungani nthambi zakale, mudakabwereka nkhwangwa. Ndidati ndi mandimu, musapite nawo pabwalo, ndipo ana anu omwe ankaimba zimenezo pakhomo panu. Mankhwala anga ndi amodzi okha. Ndimadziwa kuti inu mungalole kutaya munda kusiyana ndi kumvera mkamwini."

Mlendo wa ku Mulanje uja adaseka mpaka kukhala pansi.

"Ufiti wa chiyani, akulu inu? Kumeneko ndi kumezanitsa. Ife kwathu timatero ndi mapeyala. Zaka makumi awiri mukudya, osawerama n'kamodzi komwe kuona tsinde la chimene mukudyacho?"

Phwete lidabuka bwalo lonse. A nthochi adaseka, a masawu adaseka, ngakhale mkazi wa Chiphwanya adabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedera. Chiphwanya adataya dengu, adalumpha mpanda, n'kuthawira kuphiri. N'chifukwa chake mpaka lero nyani alibe munda wakewake. Amangoba m'minda ya eni, nkhope ili chikwinyire, ndipo chipatso chilichonse amayamba wachiluma pang'ono n'kutaya, kuopa kuti angakhale mandimu.

Ndaziona adagwada pamaso pa mfumu.

"Mwati munda ndi wanga?"

"Wako, mwanangu, wako," idatero mfumu ikupukuta lilime.

"Ndiye wolowamo ndinena ndine. Bambo, tiyeni."

Adawagwira dzanja bambo ake, n'kunyamuka. Tsono muone manyazi a anthu kuchepa kwake! A m'mudzi aja, omwe ankatokosa pansi ndi timitengo tsiku la mlandu, adawatsatira chigulugulu. Mwadzidzidzi aliyense adakumbukira dzina. "AGologolo, ife tinkadziwa!" "Achimwene, ife zidatiwawa tsiku lija!" Ena adali atanyamula kale malichero. Atafika pamalire a munda, Ndaziona adatembenuka.

"Pomwepa. Bambo anga aima pano zaka zitatu. Nanunso taimani, mumve mmene pamakomera."

Adalowa awiri okha. Gologolo adadutsa mitengo ya mwana wake akuikhudza umodziumodzi, n'kumagwedeza mutu kuti yasamalidwa bwino. Koma sadaime. Adapita mpaka kumapeto kuja, kumene kudali zitsa khumi zotemedwatemedwa, zitazingidwa ndi minga ya mandimu. Adadutsa zisanu ndi zinayi. Pa chakhumi adakhala pansi, adaikapo dzanja, ndipo munthu amene sadalire tsiku lomuthamangitsa adalira pamenepo ngati mwana.

"Bambo, tapambana," adatero Ndaziona. "Kodi iyi singachirenso?"

"Ingachire. Tidzaimezanitsanso, idzabala."

"Nanga mukulirira chiyani?"

"Uwu ndiwo udali woyamba. Amako ndiwo adagwira kanthambi, ine ndikumanga luzi. Tsiku lomwe amalume ako adausankha ndidadziwa kuti nkhwangwa idzaufika."

"Ndiye mudangokhala pachulu n'kumamvetsera?"

"Ndidamvetsera, mwanangu. Padali mtengo wa amako, padalinso mwana wa amako, ndipo zonse ziwiri sindikadatha kupulumutsa."

Ndaziona adakhala pansi pambali pawo.

Nthano yanga yathera pa chitsa chimenecho. Kaphuleni mbatata isanapserere, ndipo ngati pakhomo panu pali mkamwini, muyambe mwamugawira iyeyo.